Mitundu ya magemu akale: n'chifukwa chiyani kukopera palette kokha sikukwanira?

Achinyamata amene ayamba kujambula pixel art kuno ku Zomba, kaya ndi ophunzira a ku Chirunga ofuna kupanga gemu yawoyawo kapena ongojambulira pa foni kunyumba ku Matawale, amakumana ndi chinthu china chozunguza mutu. Wina amakopera pa intaneti fayilo yolembedwa kuti ndi mitundu ya NES, makina akale osewerera magemu a kampani ya Nintendo. Mnzake amakoperanso ina ya dzina lomwelo. Akaziika pamodzi, buluu wa kumwamba wa uyu akupendekera ku pepo, pomwe wa mnzakeyo ndi buluu weniweni. Mkangano umayambira pamenepo: fayilo yoona ndi iti? Ndipo ngakhale atagwirizana kugwiritsa ntchito imodzi, chithunzi chikatha chimaonekabe chamakono, chosafanana ndi magemu aja tinkasewera pa TV zakale zotukuka kumbuyo.

Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Maonekedwe a makina akale sanagone pa mndandanda wa mitundu wokha. Pali mitundu yomwe makinawo ankatha kutulutsa, pali malamulo a kuchuluka kwa mitundu yomwe inkaloledwa kukhala pamalo amodzi, ndiye palinso zomwe TV kapena sikirini inkachita nayo mitunduyo isanafike m'maso mwa wosewera. Ambiri amathera pa choyambacho, chonsecho diso limazindikira gemu yakale makamaka chifukwa cha chachiwiri.

## Tiyambe tamvana pa mawu

Chithunzi chilichonse cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho tamakona anayi totchedwa ma pixel. Pa foni ya masiku ano timadonthoti tachulukitsa moti diso silingatione. Pixel art ndi kajambulidwe komwe timadontho timakhala towerengeka, ndipo wojambula amaika kalikonse pamalo pake mwadala. Palette ndi mndandanda wa mitundu yomwe wojambulayo akusankhamo.

Makina akale sankajambula sikirini yonse ngati chinsalu chimodzi. Ankalumikiza tizidutswa ta timadontho 8 m'lifupi ndi 8 m'litali, totchedwa ma tile, n'kupanga nthaka, makoma ndi kumwamba. Zinthu zoyenda, monga munthu, mpira kapena mdani, zimatchedwa ma sprite, ndipo zimayandama pamwamba pa ma tile aja.

Taganizani za wolemba zikwangwani pa msika wa Zomba. Ku hadiweya kuli zitini za penti zamitundumitundu, ndipo imeneyo ndiyo mitundu yonse yomwe makina angathe kutulutsa. Koma iye akakwera pa makwerero amangonyamula tizitini titatu, ndipo mbali ya khoma yomwe mkono wake ukufikira ayenera kuimaliza ndi tomweto. Komanso penti yemweyo amaoneka mosiyana pa khoma la laimu ndi pa malata. Kukopera palette kuli ngati kungodziwa zomwe zili ku hadiweya.

## Kadontho sikasunga mtundu

Famicom ya Nintendo inatuluka ku Japan mu 1983, ndipo inayamba kugulitsidwa ku America mu 1985 pa dzina loti NES. Nthawi imeneyo memole inali yodula kwambiri. Gemu yonse ya Super Mario Bros. ndi ya 40 KB, kuchepa kutalitali poyerekeza ndi chithunzi chimodzi chomwe mumajambula ndi foni. Sikirini ya lero imagwiritsa ntchito ma bit 24 pa kadontho kalikonse, ndipo izi zimapereka mitundu yoposa 16 miliyoni. NES inkapatsa kadontho ma bit awiri basi. Bit ndi kagawo kochepetsetsa ka memole komwe kamangodziwa 0 kapena 1, choncho ma bit awiri amapereka nambala zinayi zokha: 0, 1, 2 ndi 3.

Ndiye kadontho sikanena kuti "ndine wofiira". Kamangoti "ndine 2". Palette ndiyo imauza makina kuti 2 pamalo ano ndi wofiira. Mukasintha palette, chojambula chomwecho chimavala mitundu ina popanda kudya memole yowonjezera. Mu Super Mario Bros. mitambo ndi tchire lobiriwira lija ndi chojambula chimodzi, chongosinthidwa palette. Luigi nayenso ndi Mario yemweyo, wangosinthidwa mitundu. Mukamvetsa zimenezi mumasiya kufunsa kuti "ndiike mtundu wanji apa?" n'kuyamba kufunsa kuti "malo ano ndiwapatse palette iti?"

## Malamulo a NES, tikujambula Zomba

Sikirini ya NES ndi ya timadontho 256 m'lifupi ndi 240 m'litali. Mndandanda wake uli ndi malo 64, koma angapo ndi akuda obwerezabwereza ndipo oyera alipo awiri ofanana, kotero mitundu yosiyana ndi pafupifupi 54. Pa imeneyi, yomwe ingaoneke nthawi imodzi ndi 25. Ma tile ali ndi mapalette anayi a mitundu itatu iliyonse, kuphatikizapo mtundu umodzi wakumbuyo womwe onse amagawana, yonse pamodzi 13. Ma sprite alinso ndi mapalette anayi a mitundu itatu, yonse 12, chifukwa nambala 0 pa sprite imatanthauza poonekera kuseri.

Lamulo lomwe limavutitsa ndi ili: sikirini imagawidwa m'mabokosi a timadontho 16 kwa 16, ndipo bokosi lililonse limalandira palette imodzi yokha.

Tiyerekeze kuti mukujambula chipilala cha njerwa cha chikumbutso cha asilikali a KAR (King's African Rifles), kumbuyo kwake kuli phiri la Zomba. Buluu wa kumwamba mumupanga kukhala mtundu wakumbuyo, kuti apezeke paliponse. Palette yoyamba mwaipatsa zobiriwira zitatu za mitengo ya paini. Yachiwiri mwaipatsa zofiirira zitatu za njerwa. Yachitatu ndi yoyera ndi zotuwa ziwiri, za nkhungu yomwe imakuta phirili m'mwezi wa Juni. Yachinayi ndi ya msewu ndi udzu. Mapalette atha. Tsopano fikani pomwe m'mphepete mwa chipilala mwakumana ndi mtengo, mkati mwa bokosi limodzi. Simungaikemo zofiirira ndi zobiriwira zonse. Mwina musunthe chipilalacho kuti m'mphepete mwake mugwere ndendende pa mzere wa bokosi. Mwina musiye kampata ka buluu pakati pa chipilala ndi mtengo. Kapena muike mtundu umodzi wakuda wofanana m'mapalette onse awiri, kuti mthunzi wa mtengo uthe kulowa m'bokosi la njerwa popanda wina kuzindikira. Zosankha ngati zimenezi ndi zomwe zimapatsa zithunzi za NES maonekedwe ake: zinthu zoima mwadongosolo pa mizere, mithunzi yakuda yogawana, malo aakulu a mtundu umodzi. Munthu wojambula ndi mitundu 54 ija momasuka, osalabadira mabokosi, chithunzi chake chikhoza kukongola, koma diso la amene anasewerapo magemuwo limaona msanga kuti china chake sichili bwino.

Mbendera ya Malawi imakwana bwinobwino mu palette ya sprite, poti ili ndi mitundu itatu: wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Mizere 31 ya kuwala kwa dzuwa ndiyo singakwane pa timadontho 16, ndiye mumangoika timadontho tingapo tofiira mozungulira theka la dzuwa, diso limamaliza lokha.

Nkhani yomwe imatikhudza kwambiri ife ndi ya khungu. Zofiirira pa NES ndi zochepa, ndipo zina zimapendekera ku olenji, zina ku chikasu chodera. Jambulani mayi wogulitsa masitiroberi m'njira yopita ku Ku Chawe: wakuda wa mzere wozungulira thupi, wofiirira wa khungu, mtundu umodzi wa chitenje, mitundu itatu yatha. Maso oyera alibe malo. Vuto lina n'lakuti wofiirira wodera kwambiri uja wayandikana ndi wakuda, moti nkhope imasowa. Ojambula ena amachotsa wakuda n'kugwiritsa ntchito wofiirira wodera ngati mzere komanso ngati mthunzi wa khungu, pomwe wofiirira wowalirapo amakhala khungu lenilenilo. Ena amatengera nzeru ya mu gemu ya Mega Man ya 1987, momwe nkhope ndi sprite yapadera yosanjikizidwa pamwamba pa thupi, yokhala ndi palette yakeyake. Koma nzeruyi ili ndi mtengo wake. NES imatha kuonetsa ma sprite 64, koma 8 okha pa mzere umodzi wopingasa. Akapitirira, ena amasowa, ndipo opanga magemu ankawasinthanitsa mofulumira kuti aliyense aonekeko. Kuphethiraphethira kuja munkaona adani akachuluka kumachokera pamenepo.

## Palibe fayilo imodzi yoona ya NES

Tibwerere ku mkangano wa buluu uja. Kompyuta ya lero imafotokoza mtundu ndi nambala zitatu, za kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, zomwe zimatchedwa RGB. Kachipangizo kojambula zithunzi mu NES sikagwiritsa ntchito RGB n'komwe. Kamatulutsa mwachindunji uthenga wa magetsi wopita ku TV kudzera pa waya. Mphamvu ya uthengawo ndiyo kuwala, ndipo nthawi yomwe funde lake likukwera ndi kutsika ndiyo mtundu. TV ndi imene imamasulira. TV ziwiri zosiyana zimamasulira mosiyana pang'ono, ndipo za ku America ndi ku Japan, za dongosolo la NTSC, zinali ndi posinthira pomwe mwiniwake ankatha kupendeketsa mitundu yonse.

Choncho fayilo iliyonse ya "mitundu ya NES" ndi kuyesa kwa munthu wina kulemba mu RGB zomwe anayeza kapena kuona. Wina anawerengera ndi masamu, wina anajambula kuchokera pa makina enieni, wina anasintha ndi diso mpaka zitafanana ndi TV yake. Ngakhale Nintendo yeniyo sinakhazikike pa palette imodzi: magemu a NES omwe inagulitsa pa makina ake a Wii ankaoneka odera poyerekeza ndi a pa makina ake ena a NES Classic a 2016.

Kwa ife pali chinanso. TV za kuno ndi za dongosolo la PAL, lomwe limanyamula mitundu mwanjira ina. Komanso ambiri sitinasewere pa NES yeniyeni, koma pa makina otsanzira, aja a makaseti achikasu olonjeza magemu masauzande pomwe ndi ochepa ongobwerezedwa. Tizipangizo ta mkati mwake tinkapangidwa ndi makampani ena. Buluu amene inu mukukumbuka akhoza kusiyana ndi amene munthu wa ku Chicago akukumbuka, ndipo palibe amene akunama.

Chomwe sichisintha ndi nambala ya mtundu mkati mwa makina. Nambalazi zimalembedwa m'kawerengedwe kotchedwa hex, kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 kenako A mpaka F. Pambuyo pa $, yomwe imangosonyeza kuti nambalayo ndi ya hex, chizindikiro choyamba chimanena kuwala, kuyambira 0 wodera mpaka 3 wowala, ndipo chachiwiri chimanena mtundu. Kumwamba kwa Super Mario Bros. ndi $22, ndipo ameneyu ndiye buluu amene amaoneka wopendekera ku pepo m'mafayilo ena. $06, $16 ndi $26 ndi banja la zofiira, $07, $17 ndi $27 ndi zofiirira zopita ku olenji, $0A, $1A ndi $2A ndi zobiriwira. Wakuda wodalirika ndi $0F. Pewani $0D, chifukwa uthenga wake umatsika kupitirira wakuda wamba ndipo TV zina zimasokonezeka nawo. Ngati mukugwira ntchito awiri kapena atatu, sankhani fayilo imodzi, mukhale nayo mpaka ntchito ithe, ndipo pokambirana muzitchula nambala zimenezi.

## Game Boy: kubiriwira kuja n'kwa galasi

Game Boy ya 1989, makina a magemu a m'manja a Nintendo, ili ndi sikirini ya 160 kwa 144, ndipo imadziwa milingo inayi yokha ya kuwala. M'gemu mulibe chobiriwira chilichonse. Kubiriwira kuja n'kwa galasi la sikirini, lomwe linalibe nyale kumbuyo. Gemu yomweyo mukaiika mu Game Boy Pocket ya 1996 imaoneka yotuwa. Ndiye zobiriwira zinayi zomwe zafala pa intaneti ndi kuyerekeza chabe, ndipo mukhoza kusankha zinayi zina bola kusiyana kwa kuwala pakati pawo kuoneke bwino. Kupatulapo ngati pulogalamu ikufuna zakezake: GB Studio, yomwe ndi yaulere ndipo imapanga magemu oti n'kusewera pa Game Boy yeniyeni, ili ndi mitundu inayi yomwe imayembekeza kuti mujambulire zithunzi zanu kuti izizindikire.

Kwa ine, pano ndi pamene munthu wongoyamba ayenera kuyambira. Jambulani msodzi m'bwato pa nyanja ya Chilwa, chilumba cha Chisi chili patali. Kumwamba n'kowala kwambiri, madzi n'ngotsatira, chilumba n'choderako, msodzi ndi bwato n'zakuda. Mulibe mtundu woti mubisalemo. Chithunzi chikamveka ndi milingo inayi, chidzamvekanso pa makina ena aliwonse.

Game Boy Color ya 1998 inkasankha pa mitundu 32,768 n'kuonetsa 56 nthawi imodzi, koma sikirini yake inkazimiritsa mitundu. Ojambula ankaika mitundu yowala mopitirira dala podziwa kuti galasi liichepetsa mphamvu. Zinalinso choncho pa Game Boy Advance yoyamba ya 2001. Mukakopera nambala za m'magemu amenewa n'kuziika pa sikirini ya foni, zimathobwa m'maso, mosiyana ndi momwe osewera ankazionera.

## Makina a RGB: apa ndi masamu chabe

Makina ena ndi osavuta, poti mitundu yawo imasungidwa mu RGB, kungoti masitepe ake ndi ochepa. Kompyuta yanu imawerenga kufiira, kubiriwira ndi buluu kuyambira 0 mpaka 255. Master System ya Sega ili ndi masitepe anayi pa chilichonse, omwe nthawi zambiri amalembedwa 0, 85, 170 ndi 255, n'kupereka mitundu 64. Mega Drive ya 1988 ili ndi masitepe 8, mitundu 512. Super Nintendo, yomwe inayamba ku Japan mu 1990, ili ndi masitepe 32, mitundu 32,768, ndipo sitepe iliyonse ndi pafupifupi 8 pa muyeso wa 255.

Apanso malamulo a kagawidwe ndi omwe amalamulira. Mega Drive ili ndi mapalette anayi a malo 16, loyamba ndi loonekera kuseri, choncho nthawi wamba mitundu ndi 61, yogawana pakati pa ma tile ndi ma sprite. Super Nintendo ili ndi malo 256, ndipo ma sprite ali ndi mapalette 8 awoawo a mitundu 15 iliyonse. N'chifukwa chake zithunzi za Super Nintendo zimaoneka zofewa, pomwe za Mega Drive zimadumpha kwambiri kuchoka pa mtundu wina kufika pa wotsatira. Masitepe a Mega Drive yeniyeni sanatalikirane mofanana, ndiye mafayilo ake nawonso amasiyana pang'ono.

## Ntchito yomwe TV inkagwira

TV zakale zija, pamodzi ndi waya wachikasu wa zithunzi, zinkasakaniza timadontho toyandikana. Ojambula ankadalira zimenezi. Akasowa mtundu wapakati, ankasinthanitsa timadontho ta mitundu iwiri, kamodzi aka kamodzi ako, ndipo TV inkatulutsa mtundu wachitatu. Njira imeneyi imatchedwa dithering. Mathithi a mu Sonic the Hedgehog ya 1991 ndi mizere yoimirira yodumphitsa, yomwe pa TV yakale imaoneka ngati madzi oonekera kuseri. Mukajambula mathithi a Williams a pa phiri la Zomba mwanjira yomweyo n'kuwaonetsa pa foni, munthu angoona mizere. Ngati chithunzi chanu chizionedwa pa foni, chepetsani dithering kapena muiike pamalo aakulu okha.

Timadontho ta NES pa TV ya NTSC sitinali tofanana mbali zonse. Tinali totambalala pang'ono, 8 m'lifupi pa 7 m'litali, kotero dzuwa lozungulira bwino pa kompyuta limaoneka lofutukuka m'mbali pa makina enieni.

## Kodi malamulowa ndi okakamiza?

Apa ojambula amasiyana maganizo. Ena amati ukatchula NES utsate zonse, mabokosi a 16 kwa 16 ndi ma sprite 8 pa mzere omwe, chifukwa luso lagona pa kupeza njira mkati mwa malire. Ena amati chofunika ndi momwe wosewera akumvera, osati malire a memole a mu 1983. Gemu ya Shovel Knight ya 2014 inatenga mitundu ya NES, koma opanga ake ananena poyera kuti anawonjezera mitundu yochepa yomwe NES inalibe, ndipo sanatsate malire a ma sprite. Palinso PICO-8, yomwe si makina akale ayi, koma pulogalamu yamakono yodziikira malire akeake a 128 kwa 128 ndi mitundu 16.

Chomwe chimagamula ndi komwe chithunzi chikupita. Ngati gemu yanu idzaseweredwa pa makina enieni kapena pa emulator, yomwe ndi pulogalamu yotsanzira makina akale pa kompyuta, malamulo sakambirana, makinawo sangaonetse chomwe sangathe. Ngati ndi gemu ya pa foni kapena chithunzi cha pa malaya, muli ndi ufulu, ndipo ngati zofiirira za NES sizikukwanira khungu la anthu anu, kuwonjezera ziwiri si mlandu. Mungofotokoza bwino ngati chithunzicho chatsata malamulo onse kapena changobwereka mitundu.

## Pa kompyuta kapena foni yanu

Pa mapulogalamu ojambulira, Aseprite ndi yogula, koma LibreSprite, Pixelorama ndi GIMP ndi zaulere ndipo sizifuna kompyuta yamphamvu. Mafayilo a mapalette amapezeka pa tsamba la pa intaneti la Lospec, ndipo ndi ang'onoang'ono moti sakumalizirani bandulo. Mu Aseprite, LibreSprite kapena GIMP sankhani Indexed m'malo mwa RGB, kuti kadontho kazisunga nambala ngati mmene makina akale ankachitira. Mukatero, kusintha masana kukhala madzulo ndi nkhani yongosintha mitundu ingapo m'palette. Yatsani mizere ya mabokosi, 16 kwa 16 pa NES, 8 kwa 8 pa makina enawo, musanaike kadontho koyamba.

Musadalire pulogalamu kuti ikusandutsireni chithunzi cha kamera. Iyo imangosankha mtundu woyandikira mwamasamu pa kadontho kalikonse, ndipo nkhope imatuluka yamawangamawanga. Sankhani nokha: yambani ndi kuwala, kenako mupeze mitundu. Ngati banja la mtundu lilibe woderako woyenera, bwerekani kwa loyandikana nalo. Mthunzi wa chobiriwira ukhoza kukhala buluu wodera, ndipo powala pa njerwa pakhoza kukhala olenji.

Potumiza, sungani ngati PNG, chifukwa JPEG imapaka timadontho n'kubweretsa mitundu yomwe simunaike. Kulitsani chithunzi kanayi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ndendende, osati kawiri ndi theka, ndipo posankha njira yokulitsira tengani Nearest Neighbor, yomwe mu GIMP imalembedwa None. WhatsApp ndi Facebook zimafinya zithunzi, ndiye mnzanu amene akufuna kuyeza mitundu mutumizireni pa WhatsApp ngati Document, kuti alandire fayilo momwe munaisungira.